Linki ya Pepo ndi Chinsinsi cha Wodwala: Momwe Browser Imaululira Zimene Munthu Wafufuza pa Intaneti

Munthu akayamba kumva zachilendo m'thupi, si nthawi zonse pamene amathamangira kuchipatala. Amene ali ndi foni yolowa pa intaneti kawirikawiri amayamba wafunsa Google. Mtsikana amene wadumphitsa mwezi, bambo amene akumva kuotcha pokodza, mayi amene akumenyedwa m'banja, mnyamata amene wangouzidwa kumene kuti ali ndi HIV, onsewa amalemba pa foni mafunso amene sangayerekeze kufunsa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwawo, poti mwina amapemphera naye mpingo umodzi. Mafunso oterewa akaikidwa pamodzi sasiyana kwenikweni ndi buku la kuchipatala. Koma buku la kuchipatala mwini wake amadziwa pamene walibisa, pomwe mndandanda wa zimene wafufuza umasungidwa ndi pulogalamu imene iye sadziwa n'komwe kagwiridwe kake ka ntchito.

Pulogalamu imeneyi ndi browser, kutanthauza Chrome, Firefox, Safari, Opera kapena Edge, imene munthu amatsegulira masamba a pa intaneti. Kwa zaka zoposa 20, mabrowser akhala ndi mpata umene webusaiti yachilendo inkatha kudziwira masamba amene mlendo wake anatsegulapo kwina, ngakhale mawu amene anafufuza. Mpatawu wakhala ukutsekedwa pang'onopang'ono, koma si foni kapena kompyuta iliyonse imene inalandira chitetezo chatsopanocho.

Funso la inde kapena ayi

Aliyense amene anagwiritsapo ntchito Google anaonapo kuti linki imene sanaidinepo imaoneka ya buluu, ndipo imene anaidinapo imasanduka ya pepo. Cholinga chake n'chabwino: munthu asamatsegule kawiri tsamba limene waliwerenga kale. Kuti mtundu usinthe, browser imayang'ana mu mndandanda wa masamba amene mwini wake anatsegulapo, n'kuona ngati linkiyo ilimo.

Vuto linali lakuti webusaiti iliyonse inkatha kuika linki iliyonse pa tsamba lake, ngakhale yolozera ku webusaiti ya eni ake, kenako n'kufunsa browser kuti linkiyo yaipaka mtundu wanji. Browser ikayankha kuti pepo, ndiye kuti munthuyo anafikako. Malinkiwo ankabisidwa moti mlendo sankawaona, ndipo kufunsako kunkachitika ndi timalangizo ta JavaScript timene timayamba kugwira ntchito tsamba likangotseguka.

Zili ngati kalaliki wa pachipatala amene sangapereke kaundula kwa munthu wachilendo, koma akafunsidwa kuti "Kodi uje anabwera ku kiliniki ya ma ARV?" amagwedeza mutu kuvomera kapena kukana. Funso limodzi silingaulule zambiri. Koma ngati wofunsayo ali ndi mayina masauzande ndipo kalalikiyo satopa kuyankha, kaundula yense watuluka ngakhale bukulo silinachoke pa tebulo.

Vutoli linalembedwa mu kaundula wa zolakwika wa Mozilla, bungwe lopanga Firefox, m'chaka cha 2000. Mu 2006 akatswiri a kampani ya SPI Dynamics ku America anaonetsa kuti njira yomweyi ingaulule mawu amene munthu anafufuza. Zinali choncho chifukwa munthu akalemba mawu mu Google kapena Yahoo, mawuwo amalowa mu adiresi ya tsamba la zotsatira. Wofuna kudziwa ankangopanga ma adiresi a mawu amene akuwaganizira, monga dzina la matenda kapena la mankhwala, n'kuona amene asanduka a pepo. Mu 2010 ofufuza awiri, Artur Janc ndi Łukasz Olejnik, anapeza kuti webusaiti ingafunse malinki okwana 30,000 pa sekondi imodzi, ndipo anthu osachepera 76 pa 100 alionse amene anawayesa anali osatetezeka.

Umboni woti zinkachitikadi

Nkhaniyi sinathere m'malabotale. Mu 2010 ofufuza a pa yunivesite ya California ku San Diego anaunika mawebusaiti 50,000 otchuka kwambiri pa dziko lonse. Anapeza kuti 485 ankafunsa za maonekedwe a malinki m'njira yoti ingaulule masamba amene mlendo anatsegulapo, ndipo anatsimikiza kuti 46 ankachitadi zimenezi. Pakati pawo panali webusaiti ina yotchuka ya zolaula, komanso mawebusaiti a nkhani ndi a zamasewera amene ankachita izi kudzera mwa makampani otsatsa malonda.

Mlandu wokhudza zaumoyo mwachindunji ndi wa kampani yotsatsa malonda ya Epic Marketplace. Mu 2011 Jonathan Mayer, wofufuza wa pa yunivesite ya Stanford, anaulula kuti kampaniyi inkafufuza mobisa masamba amene anthu anatsegulapo. Mu Disembala 2012 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linalengeza zimene linapeza. Kuyambira Malichi 2010 mpaka Ogasiti 2011, Epic inkafunsa mabrowser a anthu za mawebusaiti oposa 54,000. Ena mwa iwo anali okhudza kusabereka, kufooka kwa abambo kuchipinda, kusiya kusamba, kulephera kugwira mkodzo, inshulansi ya olumala ndi ngongole. Malinga ndi mayankho ake, munthu ankaikidwa m'gulu ndipo ankatumiziridwa malonda ogwirizana ndi vuto limene akuganiziridwa kuti ali nalo. Kampaniyi inalamulidwa kusiya mchitidwewu ndi kufafaniza zonse zimene inatolera.

Chigamba cha 2010 ndi njira zochizembera

Mu 2010 David Baron wa ku Mozilla anakonza njira yochepetsera vutoli, ndipo pofika 2011 mabrowser akuluakulu anali ataitsatira. Njirayo inali ndi mbali ziwiri. Yoyamba, webusaiti ikafunsa mtundu wa linki, browser iziyankha kuti ndi yosadinidwa ngakhale pa sikirini ikuoneka ya pepo. Yachiwiri, linki yodinidwa izisiyana ndi inzake pa mtundu pokha, osati kukula kwa zilembo kapena malo amene yakhala, poti zimenezi webusaiti ingathe kuziyeza.

Chigambachi chinathandiza, koma muzu wa vuto unatsala: browser inkapitirizabe kupaka malinki potengera mndandanda umodzi wa masamba onse. Choncho ofufuza anapeza njira zina zofikira yankho lomwelo.

Njira ina inali yopusitsa munthu kuti aulule yekha. Mu 2011 ofufuza a pa yunivesite ya Carnegie Mellon anapanga mayeso ofanana ndi aja amene webusaiti imati munthu alembe zilembo zimene akuziona pofuna kutsimikiza kuti si makina. Liwu lililonse linali linki, ndipo linkaoneka pokhapokha ngati munthuyo anatsegulapo tsamba lake. Polemba zimene akuona, munthuyo ankapereka yekha yankho limene browser inakana kupereka.

Njira ina inali yoyeza nthawi. Browser ikazindikira kuti linki inadinidwapo, imayenera kuijambulanso ndi mtundu wina, ndipo ntchito imeneyi imatenga kanthawi kochepa zedi kamene webusaiti ingathe kukayeza. Paul Stone anaonetsa zimenezi mu 2013. Mu 2018 ofufuza a ku San Diego ndi Stanford anapezanso njira zinayi zatsopano, ndipo imodzi inkatha kufunsa Chrome ma adiresi 3,000 pa sekondi. Google inatseka njira imeneyo mu Chrome 67. Pa mabrowser amene anayesedwa, Tor Browser yokha ndi imene inapulumuka ku njira zonse zinayi, chifukwa siisunga mndandanda wa masamba otsegulidwa.

Mipata ina ya mtundu womwewu

Linki ya pepo si khomo lokhalo. Mu 2010 ofufuza a ku Microsoft Research ndi yunivesite ya Indiana anaonetsa kuti mawu amene Google imayerekeza munthu akamalemba angathe kuulula funso lake. Chilembo chilichonse chimene walemba chimabweretsa yankho la kukula kwake, moti munthu amene akumvetsera pa Wi-Fi ankatha kuzindikira mawuwo poyeza kukula kwa mauthenga, ngakhale mauthengawo anali obisidwa. Anayesanso njirayi pa webusaiti yosungira mbiri ya zaumoyo ndipo anatha kuzindikira matenda amene munthu wasankha.

Chitsanzo chaposachedwapa ndi cha Safari 15. Mu Novembala 2021 kampani ya FingerprintJS inadziwitsa Apple kuti webusaiti iliyonse inkatha kuona mayina a nkhokwe zimene mawebusaiti ena atsegula mu browser pa nthawi imene munthu ali pa intaneti. Mayinawo ankasonyeza webusaiti imene munthu watsegula, ndipo a YouTube ndi masamba ena a Google ankakhala ndi nambala ya akaunti ya munthuyo. Pa iPhone vutoli linakhudza mabrowser onse, kuphatikizapo Chrome, poti onse ankayendera makina amodzi a WebKit. Nkhaniyi inaululidwa poyera mu Januwale 2022 ndipo Apple inaikonza mwezi womwewo mu iOS 15.3.

Chrome 136 ndi amene atsala m'mbuyo

Muzu wa vuto la linki ya pepo unazulidwa mu Chrome mu Epulo 2025, pamene Chrome 136 inatuluka. M'malo mosunga mndandanda umodzi, browser tsopano imakumbukira linki pamodzi ndi webusaiti imene munthu anaidinira. Linki imene inadinidwa pa tsamba la Google imaoneka ya pepo pa tsamba la Google pokha. Webusaiti ina ikaika linki yomweyo, imakhala ya buluu, choncho palibe chimene ingafunse, kuyeza kapena kupusitsa munthu kuti aulule.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikufika m'zipatala ndi m'midzi ya ku Malawi. Chitetezochi chimafika kwa munthu pokhapokha browser yake italandira mtundu watsopano, ndipo zida zakale sizingaulandire. Kompyuta ya Windows 7 kapena 8.1 inaima pa Chrome 109 ya mu Januwale 2023. Foni ya Android 7 inaima pa Chrome 119 ya kumapeto kwa 2023. Zida zoterezi zimatsegulabe intaneti bwinobwino, moti mwini wake saona chifukwa chodandaulira. Foni yogula kwa munthu amene anaigwiritsa ntchito kale, kapena kompyuta imene pulojekiti ina inasiya pachipatala itatha ntchito yake, ingakhale m'gulu limeneli. Palinso ena amene foni zawo ndi zatsopano koma anatseka zoti mapulogalamu azidzikonza okha poopa kutha bando, kapena chifukwa foni yadzaza.

Kutayikira kumene sikuchokera ku chilema cha pulogalamu

Ngakhale browser itakhala yatsopano, pali njira ina imene chinsinsi chimatulukira, ndipo imeneyi ndi momwe intaneti inapangidwira. Tsamba likakhala ndi kanema wa YouTube, batani la Facebook kapena kachida kowerengera alendo, browser imalumikizana ndi makampani amenewo ndipo angathe kudziwa tsamba limene munthu akuwerenga. Mu 2015 Timothy Libert wa pa yunivesite ya Pennsylvania anaunika masamba a zaumoyo oposa 80,000. Anapeza kuti masamba 91 pa 100 alionse ankalumikizana ndi makampani ena, ndipo ma adiresi 70 pa 100 alionse anali ndi dzina la matenda, chizindikiro kapena chithandizo. Mu 2022 atolankhani a The Markup anapeza kachida ka Meta pa mawebusaiti a zipatala 33 mwa zipatala 100 zotchuka za ku America, ndipo kankatumiza uthenga ku Facebook munthu akamasungitsa tsiku loonana ndi dokotala.

Timapulogalamu towonjezera timene anthu amaika mu browser ya pa kompyuta nato tingakhale akazitape. Mu 2018 Google ndi Mozilla anachotsa kena kotchedwa Stylish, kamene anthu pafupifupi 2 miliyoni ankagwiritsa ntchito, zitadziwika kuti kankatumiza kwa eni ake ma adiresi a masamba onse amene munthu watsegula.

Chifukwa chake ndi nkhani ya zaumoyo

Ena angaganize kuti mndandanda wopanda dzina sungavulaze munthu. Zimene zinachitika mu Ogasiti 2006 zinatsutsa maganizo amenewa. Kampani ya AOL inatulutsa mafunso pafupifupi 20 miliyoni a anthu oposa 650,000, itachotsa mayina n'kuikapo manambala. Pasanathe masiku ambiri, atolankhani a New York Times anazindikira mayi wina pongowerenga mafunso ake. Kafukufuku wa Mozilla wa mu 2020, wa anthu pafupifupi 52,000 ogwiritsa ntchito Firefox, anapezanso kuti mindandanda 99 pa 100 iliyonse sinkafanana ndi ya munthu wina aliyense. Masamba amene munthu amatsegula amamuzindikiritsa ngati chidindo cha chala.

Mayi wa nkhani ya AOL uja anali atafufuza za matenda osiyanasiyana, ndipo anafotokozera atolankhaniwo kuti ambiri anali a anzake amene ankafuna kuwathandiza. Mfundo imeneyi ikukhudza namwino, mlangizi wa zaumoyo ndi wongodzipereka aliyense. Foni yawo imadzaza ndi mafunso a odwala awo: mlingo wa mankhwala, zizindikiro za chindoko, zotsatira za jakisoni wolerera. Woona mndandandawo angaganize kuti matendawo ndi a mwini foni. Angathenso kulumikiza funso ndi nyumba imene mlangiziyo anayendera tsiku limenelo.

Zotsatira za kuululika kwa chinsinsi ogwira ntchito zaumoyo amazidziwa kale: kusalidwa, kutha kwa banja, nkhanza, ndi kusiya kumwa mankhwala. Munthu amene anapsapo kamodzi amaleka kufufuza ndi kufunsa, ndipo amafika kuchipatala matenda atakula. Malamulo a dziko la Malawi amateteza chinsinsi chimenechi. Gawo 21 la malamulo aakulu limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula popanda chilolezo ngati munthu ali ndi kachilombo, ndipo lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, limene bungwe la MACRA limayang'anira, limaika nkhani za umoyo m'gulu lofunika kusamalidwa mwapadera. Komabe webusaiti imene ili kunja kwa dziko ndi yovuta kuigwira, choncho chitetezo chenicheni chimayambira pa chida chimene chili m'manja.

Zimene wogwira ntchito zaumoyo angachite

Choyamba ndi kudziwa mtundu wa browser. Mu Chrome, nambala yake imapezeka pa Settings, kenako About Chrome. Ngati ili yochepera 136 ndipo ikukana kukwera ngakhale pa Play Store, chidacho sichoyenera kufufuzirapo nkhani za odwala. Woyang'anira chipatala ayenera kudziwitsidwa za makompyuta a Windows 7 amene akadali pa intaneti. Bando imene imapita pokonza browser ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa chinsinsi cha wodwala mmodzi.

Chachiwiri ndi kufufuza nkhani zachinsinsi pa tsamba la Incognito, kapena Private pa Safari ndi Firefox. Zimene zatsegulidwa pamenepo sizilowa mu mndandanda, choncho palibe linki imene idzasanduke ya pepo mawa, ndipo wobwereka foni sangazipeze. Koma Incognito ili ndi malire. Siibisa munthu kwa webusaiti imene watsegula, kwa kampani ya netiweki, kapena kwa woyang'anira Wi-Fi ya pantchito, ndipo munthu akalowa mu akaunti yake ya Google ali momwemo, zimene wafufuza zingasungidwe mu akauntiyo.

Chachitatu ndi kudziwa kuti mindandanda ilipo iwiri. Wina uli mu browser, wina uli mu akaunti ya Google pa tsamba la My Activity. Kufafaniza woyamba sikutanthauza kuti wachiwiri wafafanizika. Akaunti ingakonzedwe kuti izifafaniza yokha zakale pakatha miyezi 3, 18 kapena 36, kapenanso kuti isamasunge n'komwe.

Chachinayi, dzina la wodwala, mudzi wake kapena nambala ya fayilo yake zisalembedwe m'bokosi lofufuzira pamodzi ndi matenda. Timapulogalamu towonjezera tosadziwika bwino tichotsedwe pa makompyuta a chipatala, ndipo linki yobwera pa WhatsApp yolonjeza bando yaulere kapena mphatso isadinidwe pa foni ya ntchito.

Chachisanu chikukhudza uphungu. Asanatumizire munthu linki ya nkhani za PrEP, kulera kapena thandizo kwa ochitiridwa nkhanza, wogwira ntchito zaumoyo ayenera kufunsa kaye ngati foniyo ndi ya munthuyo yekha. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi, ndipo wowerenga mndandanda woopsa kwambiri sakhala ku America, amakhala m'nyumba momwemo. Kusonyeza mayi momwe angatsegulire Incognito kumatenga mphindi ziwiri, ndipo kungachitike pa nthawi yomwe akufotokozeredwa kamwedwe ka mankhwala.

Udindo wa mabungwe ndi ofufuza

Mabungwe amene amapanga mawebusaiti a zaumoyo ali ndi gawo lawo. Tsamba la nkhani zachinsinsi lisakhale ndi zida za makampani otsatsa malonda, ndipo adiresi yake isatchule matenda pamene palibe chifukwa. Ofufuza amene amatumiza mafunso kudzera pa linki ayenera kukumbukira kuti linkiyo imatsala mu foni ya wotenga nawo mbali, ndipo ngati ili ndi dzina la matenda, yaulula kale chifukwa chimene munthuyo anasankhidwira. Nkhani imeneyi ndi yoyenera kulembedwa mu ndondomeko imene imapita ku COMREC kapena NHSRC, pamodzi ndi za kabati yokhoma imene mumasungidwa mafomu.

Kuchokera pamene vuto la linki ya pepo linalembedwa koyamba mu 2000 kufika pamene Chrome inalithetsa mu 2025 panadutsa zaka 25, ndipo pakati pake panapezeka mipata ina ingapo. Palibe chifukwa choganizira kuti wa Safari 15 unali womaliza. Wogwira ntchito zaumoyo sangakonze browser, koma angathe kuonetsetsa kuti yake ndi yatsopano, kuti mafunso a odwala sakutsala mu foni yake, ndi kuti munthu amene wamutumizira linki akudziwa chimene chitsale mu foni yake akamaliza kuwerenga.